Anandichotsa mu labu chifukwa cha mphumu, chifuwa chapepuka koma tulo tathawa

Wa mu Labu
Moni nonse. Ndakhala pa gulu lino la ogwira ntchito m'mayunivesite zaka ziwiri ndikungowerenga, lero ndilankhuleko. Pepani zitalika.

Ndagwira ntchito mu labu zaka 14, kukonza mankhwala ndi zipangizo za mapulakitikolo a ophunzira. Chaka chatha ndinayamba kubanika, makamaka masiku otsegula mabotolo a formalin, mankhwala afungo loteteza zinthu zakufa kuti zisawole. Loweruka ndi Lamulungu kunyumba ndinkapuma bwinobwino, koma Lolemba pofika 10 koloko chifuwa chayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Adokotala anati ndi mphumu, nalemba kalata yoti ndisamakhale pamalo a mankhwala afungo. Ndinakaipereka ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito. Patatha masabata atatu kunabwera memo ya mizere inayi, yoti ndasamutsidwira ku ofesi yosunga mafayilo "mpaka mudzauzidwenso".

Giredi ndi yomweyo, malipiro sanatsike, ndipo inhaler ndikutha sabata osaigwira. Aliyense akuti ndithokoze Mulungu, ndipo ndikuthokozadi. Koma anzanga, ino ndi miyezi 7 sindikugona. Anandipatsa tebulo kuseri kwa chitseko, pafupi ndi makina a fotokope. Ntchito yanga ndi kuboola mapepala ndi kudinda sitampa. Pofika 9 koloko yatha. Kuchokera apo ndimangoyang'ana khoma mpaka nthawi yoweruka. Amene ndinawapeza muofesimo si anthu oipa, koma sadziwa chochita nane. Ndikapempha ntchito amati "pumulani amayi, inu mukudwala". Gauni yanga yoyera ikadali pamsomali mu labu. Ndikuopa kukaitenga, chifukwa ndikaitenga ndiye kuti ndavomera kuti basi.

Pano ndayamba BP, matenda omwe ndinalibe. Alipo wina zinamuonekerapo? Nanga "mpaka mudzauzidwenso" ameneyu amatha liti?

Dalaivala Wakale
Achemwali, mwandigunda pachilonda. Ine ndinayendetsa galimoto za pakoleji zaka 22, basi ya ophunzira ndi ma Land Cruiser opita kukafukufuku. Karonga, Nsanje, Mchinji, msewu uliwonse ndimaudziwa ndi maenje ake omwe. Shuga anandiwononga maso. Poyamba anati usiku ndisamayendetse, kenako anati ndi masana omwe. Ndinapereka makiyi. Lero ndimakhala mu ofesi ya zagalimoto kulemba ma logbook ndi kuwerengera mafuta.

Inu mwati malipiro sanatsike. Papepala anganso sanatsike. Koma dalaivala sakhalira salale, amakhalira alawansi ya maulendo. Fizi ya ana, feteleza, ngongole ya ku SACCO, zonsezo ndinkawerengera maulendo. Alawansi itaima ngongole sinaime. Kwacha pamene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 inandipeza ndili kale pa salale youma. Ndinafika mpaka kwa akatapila, munthu wa imvi ngati ine.

Chowawa china ndi ichi. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kutsika Chiweta ndi basi yodzadza amabwera kudzasayinitsa logbook kwa ine akuchokera ku Karonga, kumbuyo kuli matumba a mpunga wa Kilombero. Amanditapirako pang'ono m'jumbo, "madala, wa ana". Ndimalandira ndi manja awiri n'kumwetulira. Kunyumba ndimakafika ndilibe mawu.

Mnyamata wa ICT
Salale yonse koma ntchito kutha 9 koloko? Amayi, tisinthane mawa lomwe 😂

Woyang'anira Gulu
Achimwene a ICT, si pake.

Wa mu Labu
Musawakalipire, ndi zomwe aliyense amandiuza, ngakhale bambo akunyumba. Achimwene, dzayeseni sabata imodzi. Anzanu akuthamangathamanga ndi mafayilo, inu mwakhala ngati mlendo wodikira basi. Kukabwera bwana mumayamba kusuntha mapepala kuti muoneke ngati muli ndi chochita. Tsiku lina ophunzira anga a chaka chachitatu anabwera kudzatenga makalata awo, mmodzi n'kundifunsa chapansipansi kuti "madam, munalakwa chiyani?" Ndinalowa kuchimbudzi kukalira.

Mnyamata wa ICT
Pepani amayi, ndinalankhula mopepuka.

Anamwino a pa Kliniki
Ndiyankhe monga munthu amene ndimawayeza BP anthu oterewa pakliniki ya pasukulu. Amene anasamutsidwa chifukwa cha msana, maso kapena chifuwa amabwereranso patapita miyezi ndi mutu, kusagona, kugunda kwa mtima, ena kumwa mowa mwauchidakwa. Thupi lachira mbali imodzi koma nkhawa yalowa mbali ina, ndipo palibe amene amalumikiza ziwirizi. Munthu akakhala wosagona ndi wodera nkhawa kwa miyezi, BP imatha kukwera ndithu. Kwa a mphumu, nkhawa imathanso kudzutsa kubanika komwe mwathawa kuja.

Vuto limayambira pakalata ya adokotala. Ambiri amangolemba mawu awiri, "light duties", kutanthauza ntchito zopepuka, n'kusayina. Wa ku HR sanaphunzire zachipatala, akaona mawuwo amaopa kukupatsani chilichonse, ndiye amafuna ngodya yomwe simungavulalemo. Bwererani kwa adokotala, mukawapemphe alembe zinthu zitatu momveka: zomwe simuyenera kuchita, zomwe mungathe kuchita, ndi tsiku lodzakuonaninso. Kwa inu amayi choletsedwa ndi fungo la mankhwala basi. Mutu wanu sunaletsedwe, manja anu sanaletsedwe.

Za kusagonazo musazinyalanyaze. Miyezi 7 ndi yambiri. Pitani mukaonane ndi aphungu, kaya apasukulu panu ngati alipo, kaya ku chipatala cha St John of God, chothandiza za maganizo, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kukaonana ndi phungu sikutanthauza kuti mutu wasokonekera.

Mayi wa Chigwirizano
Amayi a mu Labu, ine ndingoti musasiye kupemphera. Malo antchitowa ali ndi zambiri. Munthu zaka 13 osadwala, chaka cha 14 n'kuyamba kubanika? Pena pali anthu amene amafuna mpando wanu.

Anamwino a pa Kliniki
Pemphero lipitirire amayi, ine ndemwe ndimapemphera. Koma mphumu yoyamba ndi mankhwala a kuntchito imachita choncho kumene. Munthu amatha kupuma fungolo zaka zambiri osamva kanthu, thupi n'kudzayamba kulikana pambuyo pake, ndipo likayamba kukana ngakhale kafungo kochepa kamamubanikitsa. Chizindikiro chake ndi chomwe anena chija, kupeza bwino masiku opuma n'kudwala akabwerera. Tikayamba kuloza anthu zala, amayiwa adzayamba kuopa ngakhale tiyi wa muofesi.

Hedi Wotopa
Ndikudziwa kuti mundigenda, komabe wina anene za mbali inayo. Ine ndine hedi wa dipatimenti pa yunivesite ina, ndipo ndinasayinapo kalata yonga imeneyo.

Munthu akasamutsidwa chifukwa cha matenda, dzina lake limakhalabe pa mndandanda wa dipatimenti yanga. Malowo saoneka ngati opanda munthu, choncho sindingaloledwe kulemba wina. Ndinali ndi matekinishani atatu, ndatsala ndi awiri, pamene ophunzira akuchuluka chaka ndi chaka. Kalasi imodzi timaigawa magulu asanu ndi limodzi kuti ikwane mu labu. Awiri otsalawo amaweruka mdima utagwa ndipo amandiyang'ana ngati ndine ndinawalodza. Mmodzi anandiuza maso ndi maso kuti "nanenso ndikatenge kalata ya adokotala". Ndiye nkhawa si ya wosamutsidwa yekha.

Chinanso, uhedi palibe amene amatiphunzitsa. Dzulo unali lekichara wa chemistry, lero akupatsa ofesi ndi anthu. Munthu akabwera ndi kalata ya chipatala umaopa kufunsa zambiri kuti angati ukulowerera za matenda ake, umaopanso kumupatsa ntchito kuti akagwa adzati ndiwe. Kukhala chete kumene mukudandaula kuja nthawi zambiri ndi mantha athu, si nkhanza. Ndipo tisanamizane, alipo ena amene makalata awo ndi ogula.

Dalaivala Wakale
Bwana, ogula makalatawo alipodi, ndikuwadziwa awiri. Koma chifukwa cha awiriwo tonse timayang'anidwa ngati akuba. Ine ndikamalowa pageti ndimachita kuvala magalasi anga akuluakulu aja kuti alonda aone kuti masowa ndi zoona.

Wa ku Laibulale
Kwathu kuno ku laibulale ndiye kotayirako anthu. Wodwala msana, tumizani ku laibulale. Kodi amaganiza kuti mabuku amadzikweza okha pamashelefu? Anatitumizira bambo wina wa msana, ntchito yomwe inalipo n'kukhala yonyamula makatoni a mabuku. Patatha miyezi iwiri anagonekedwa m'chipatala. Palibe amene anabwera kudzafunsa kuti kuno timagwira zotani.

Komanso miseche. Munthu akangosamutsidwa popanda chifukwa cholengezedwa, anthu amadzipezera chifukwa chawo. Akaonda pang'ono amati ndi kachilombo. Akakhala chete amati mutu.

Wa Yuniyoni
Ndawerenga zonse. Ndiyambe ndi a Hedi, mwaulemu. Mwanena kuti mwatsala ndi matekinishani awiri. Awiriwo akupuma mpweya uti? Amayiwa anadwala chifukwa cha fungo la mu labu. Kuwachotsa kwateteza iwo okha, labu yatsala momwemo. Amayi, kodi fume hood ya mu labu mwanu, makina aja okoka fungo la mankhwala kulitulutsa panja, imagwira ntchito?

Wa mu Labu
Inafa kalekale. Timatsegula mawindo. Nthawi yozizira ophunzira amatseka.

Wa Yuniyoni
Ndi zomwe ndimaganiza. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti malo antchito akhale osavulaza thanzi la anthu. Kusamutsa wodwala ndi kotchipa kuposa kukonza makina, n'chifukwa chake kumachitika msanga. Ndipo ngati adokotala angatsimikize kuti matendawa anabwera ndi ntchito, pali lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000, nkhani yake imakayambira ku ofesi ya zantchito ya paboma. Musachedwe nazo, zinthu zimenezi zimakhala ndi malire a nthawi.

Tsopano za lamulo la zolemba ntchito la 2000, chifukwa ambiri timaopa zinthu zomwe lamulo linatiteteza kale. Gawo 46 limati munthu amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata osachepera 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya chipatala. Amenewo ndi malire apansi, malamulo a ntchito a payunivesite panu akhoza kupereka zoposa, ndiye kawerengeni kabuku kanu. Gawo 57 limati kujomba kwa kanthawi chifukwa chodwala kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo ngati akuti simungathenso ntchito ayenera kuyamba akumvani mbali yanu. Gawo 60 limakamba za munthu amene wasiya yekha ntchito chifukwa zochita za bwana zafika posapiririka, lamulo limaona ngati wachotsedwa. Koma pamenepa ndichenjeze: umboni wake ndi wovuta, milandu ku khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court, imatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo ana akufuna kudya. Musathamangire kulemba kalata yosiya.

A ku Laibulale, za misechezo: lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilombo, limatetezanso chinsinsi chake. Koma lamulo silitseka pakamwa pa anthu mu kantini. Chimene chimathandiza ndi hedi kugwirizana ndi mwini wake mawu oti auze anzake, ngakhale chiganizo chimodzi chokha, asanachoke.

Memo ya "mpaka mudzauzidwenso" ndiyo ndimadana nayo kwambiri. Iyankheni ndi kalata. Funsani kuti bwana wanu ndani tsopano, ntchito zanu ndi ziti, adzakuyesani pa chiyani kumapeto kwa chaka, mwayi wokwezedwa udzachokera ku dipatimenti iti, ndipo nkhaniyi idzaunikidwanso tsiku liti. Sungani kope lodindidwa. Sitampayo muli nayo patebulo panu pomwe.

Hedi Wotopa
Za fume hood ndalemba makalata opempha ndalama kangapo konse. Yankho ndi lakuti bajeti. Koma mwandigwira, sindinaganizepo kuti awiri otsalawo akhoza kutsatira.

Wa ku Akaunti
Ndithirireko pa za kusiya ntchito. Anthu akatopa ndi kukhala pangodya amabwera kwa ife kudzafunsa kuti "ndikapuma chifukwa cha matenda ndilandira zingati?" Ena amasayina asanawerengetse. Penshoni yathuyi imakula ndi zomwe zikulowa mwezi ndi mwezi, olemba ntchito osachepera 10 peresenti, inu 5 peresenti. Mukapuma muli ndi zaka 45 ndiye kuti mwadula zaka zambiri zosonkha, komanso mwina mwataya sikimu ya chipatala panthawi yomwe mukuifuna kwambiri. Pemphani kaye akuwerengereni papepala, mupite nazo kunyumba, mugone nazo. Madala a Dalaivala, ku SACCO munapitako kukapempha kuti akutalikitsireni nthawi yobweza? Ena amalola mukaonetsa kalata yosamutsidwa.

Dalaivala Wakale
Sindinapiteko mwanawe, manyazi. Amene amakhala pa kauntala ndi mnzake wa mwana wanga.

Wa ku Akaunti
Manyazi a tsiku limodzi madala, kusiyana ndi katapila wa mwezi ndi mwezi. Ndiuzeni tsiku, ndikuperekezani.

Wa ku Leeds
Moni kumudzi. Ine ndimagwira ntchito yoyeretsa pa yunivesite ina kuno ku England. Bondo litavuta ananditumiza kwa anthu a Occupational Health, amene ntchito yawo ndi kuona thanzi la munthu pamodzi ndi ntchito yake. Anandifunsa masitepe angati ndimakwera, ndowa yolemera bwanji, ndimaima nthawi yaitali bwanji. Lipoti lawo ndinaliwerenga ine kaye lisanapite kwa bwana. Ndinabwerera pang'onopang'ono, maola ochepa sabata yoyamba n'kumawonjezera, ndipo anandipatsa nyumba ina yoti ndiziyeretsa, yokhala ndi lifiti. Kuno lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza olemba ntchito kusintha zinthu moyenera kwa munthu amene matenda ake ndi okhalitsa.

Koma ndisakunamizeni kuti kuno ndi kumwamba. Anandichotsa pagulu la anzanga amene tinkadyera limodzi, kunyumba yatsopanoyo ndimagwira ntchito ndekha kuyambira 5 koloko m'mawa. Ovataimu inatha, ndalama zotumiza kumudzi zinachepa, abale n'kumaganiza kuti ndayamba kuumira. Mapepala onse anali olongosoka koma ndinadwalabe maganizo nyengo yonse yozizira.

Lekichara Wachibwibwi
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Sitiroko inandigwira zaka zitatu zapitazo. Mwendo unabwerera ndi mafizo, koma lilime linatsala lolemera, sindingathe kuima maola awiri pamaso pa ophunzira 200. Kuphunzitsa kunali moyo wanga wonse.

Zanga zinayenda mosiyana ndi za amayi a mu Labu, ndipo ndikufuna ndinene chifukwa chake. A Dean anabwera kunyumba, anakhala pakhonde, anandifunsa kuti "mukufuna kumachita chiyani?" Tinagwirizana kuti ndiziyang'anira kafukufuku wa ophunzira a masters, mmodzimmodzi muofesi momwe ndingalankhule mosathamanga, ndi kuunika mayeso a anzanga asanalembedwe. Ntchito yeniyeni, yoti ndikapanda kuigwira wina aona. Ndinalira ndithu semesita yoyamba ndikamva phokoso la kalasi kuseri kwa khoma, koma m'mawa ndinali ndi chodzukira.

Chomwe chimandichititsa manyazi n'chakuti anandifunsa chifukwa ndine lekichara wa PhD. Mesenjala wa pa dipatimenti yathu anadwala nthawi yomweyo, iye anangolandira memo. Pasukulu pathu pali anthu ofunsidwa ndi anthu ouzidwa.

Wa ku Laibulale
Adokotala, mawu amenewo ndawalemba pakhoma.

Wa Yuniyoni
Ndipo tonse tinaona mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kubadwa mayunivesite atsopano a MUBAS ndi KUHeS, momwe anthu athanzi labwinobwino ankasowera tulo posadziwa kuti mawa adzakhala pansi pa ndani. Nanga munthu amene akudwala kale?

Wa mu Labu
Ndabweranso, pepani ndinasowa masiku anayi. Ndinapita kwa adokotala monga ananenera anamwino. Anadabwa kumva kuti ndimaboola mapepala. Kalata yatsopano ikunena kuti ndisalowe m'chipinda momwe mukugwiritsidwa ntchito formalin ndi mankhwala ena ouluka, koma ntchito zina zonse ndingathe, ndipo adzandionanso pakatha miyezi 3.

Usiku womwewo, poti tulo kulibe, ndinakhala pansi kulemba ntchito za mu labu zomwe sizifuna kutsegula botolo. Ndinadabwa ndekha. Kuitanitsa mankhwala ndi kutsatira ma quotation. Kulemba mu kompyuta zonse zili m'sitolo ndi masiku ake otha mphamvu, chinthu chomwe takhala tikunena zaka zisanu osachichita. Kukonza ndandanda ya magulu a mapulakitikolo. Kuphunzitsa a chaka choyamba za chitetezo, zomwe zimachitikira m'kalasi wamba. Kukonza ma microscope, omwe ndimawadziwa kuposa aliyense pamenepo. Zimenezi ndi zomwe zimawaweruketsa usiku anzanga otsala mu labu.

Ndalemba kalata kwa a hedi ndi kope ku HR. Andiitana Lachinayi 9 koloko. Mtima ukugunda ngati ndikukalemba mayeso. Kwa aphungu sindinapitebe, ndisaname.

Hedi Wotopa
Amayi, munthu atandibweretsera mndandanda umenewo ine ndingamupatse ofesi yanga yomwe. Ndikuitana wanga uja sabata ino. Chokhacho, a HR akhoza kunena kuti ntchito yoteroyo kulibe pa mndandanda wa maudindo. Mukawauze kuti simukupempha udindo watsopano, mukupempha kubwerera pa udindo wanu womwe ndi ntchito zosinthidwa. Mawuwo ndi ofunika.

Anamwino a pa Kliniki
Ofesi yomwe angakupatseni isakhale yoyandikana ndi sitolo ya mankhwala, fungo limadutsa pansi pa chitseko. Kaiyendereni nokha musanavomere. Ndipo za aphungu ndikufunsaninso Lolemba.

Wa Yuniyoni
Musapite nokha. Pemphani nthumwi ya yuniyoni ya pasukulu panu ikhale nanu, ndipo pomaliza mupemphe kuti zomwe mwagwirizana zilembedwe ndi tsiku lake. Za fume hood musazisiye panja, zilowe mu maminitsi.

Dalaivala Wakale
A Yuniyoni, nanga ine zaka zitatu zadutsa, mochedwa kodi? Ndimatha kuphunzitsa madalaivala atsopano, ndimamva injini ikamadwala ngakhale maso atatseka. Galaji ija imatibera pa ma sevisi, ine ndikhoza kumaona galimoto isanapite ndi ikabwera.

Wa Yuniyoni
Sikunachedwe madala. Bweretsani memo yomwe anakusamutsirani, kalata ya adokotala a maso, ndi ma payslip atatu a musanasamutsidwe ndi atatu a pano. Nditumizireni uthenga kumbali, tione tsiku.

Dalaivala Wakale
Ma payslip akale aja mayi akunyumba anasunga mu sutikesi. Ndiwafunsa akabwera ku msika.